Zolemba za ntchito: chip ya wailesi ya 2.4 GHz pa SG13G2

Pomwe ntchito yafika

Chip yomwe ikukonzedwayi ndi yotumiza ndi kulandira Bluetooth Low Energy ya 1 Mbps, pa matchanelo 40 oyambira 2402 MHz kulekeza 2480 MHz, otalikirana 2 MHz. Ikujambulidwa pa SG13G2, njira yopangira ma chip ya 130 nm SiGe BiCMOS ya ku IHP, mumzinda wa Frankfurt wa m'mbali mwa mtsinje wa Oder ku Germany. PDK yake, mafayilo ofotokoza malamulo ndi zipangizo za njirayi, ndi yotsegukira aliyense. Schematic, chithunzi cha mmene zipangizo zalumikizidwira, tikujambula pa xschem, kuyesa kwambiri kukuchitika pa ngspice, Xyce ikulowa pofunika harmonic balance, layout, chithunzi cha mmene zidzakhalire pa silicon, ili pa KLayout, ndipo makoyilo akuyesedwa pa openEMS.

LNA (chokuza uthenga wolowa mwa phokoso lochepa), mixer (chotsitsa frequency ya uthengawo), VCO (oscillator yosinthidwa frequency ndi voteji) ndi chogawa frequency pawiri zili ndi layout tsopano, ndipo zonse zayesedwanso pamodzi ndi ma parasitic, kutanthauza R, L ndi C zosafunika zomwe layout imabweretsa. PA, chokuza mphamvu ya uthenga wotumizidwa, ili pa mtundu wachiwiri. PLL, yomwe imamanga frequency ya VCO ku ya crystal, ikadali pa schematic, kupatula charge pump yake. Pa magawo anayi omwe afika pa layout, palibe ngakhale limodzi lomwe manambala ake a pa schematic anakhala chikhalire. Matransista sanavute paliponse. Zavuta ndi mawaya, makoyilo ndi njira yomwe magetsi akubwerera ku ground, choncho zolembazi zakhazikika pamenepo.

Malire omwe tadziikira

Malamulo a Bluetooth amangofuna kuti wolandira amve −70 dBm, ma bit olakwika asapitirire 0.1%. Zimenezo nzochepa kwambiri, ma chip a pamsika amamva pansi kuposa apo. Ife tawerengera motere: phokoso lachibadwa ndi −174 dBm pa Hz iliyonse, pa 1 MHz limakhala −114 dBm. Tikaonjeza noise figure (phokoso lomwe wolandira amaonjeza yekha) ya 8 dB ndi 14 dB yomwe demodulator ya GFSK, njira yomwe Bluetooth imanyamulira uthenga posuntha frequency, ikufuna pamwamba pa phokoso, tikufika −92 dBm. Ndiye cholinga chake.

Kagawidwe ka 8 dB imeneyi kakutsatira lamulo la Friis. LNA ili ndi 2.5 dB ndi gain ya 15 dB, zonse za kumbuyo kwake zikaphatikizidwa zili ndi 15 dB, ndipo switchi ndi fyuluta za ku eriyo zikudya 1 dB. Zonse pamodzi ndi 5.4 dB. Koma gain ya LNA ikatsika kufika 10 dB, nambala ija imakwera kufika 7.8 dB, mpata wonse watha. Nchifukwa chake dB iliyonse ya gain yotayika pa layout tikuilondola mpaka titapeza komwe yapita.

LNA

Ndi cascode ya ma HBT awiri a npn13G2, matransista a SiGe osanjikizana, yokhala ndi koyilo ku emitter, ikudya 2 mA. Pa 2 mA gm, kusintha kwa current pa voti iliyonse yolowa, ndi 77 mS. Gawo lenileni la impedance ya polowera limachokera ku gm kuchulukitsa ndi koyilo ya ku emitter, kugawa ndi capacitance ya pakati pa base ndi emitter. Apa liwiro la transistayi limasanduka vuto. fT yake, frequency yomwe imalekezera kukuza current, imafika 300 GHz, capacitance yake ndi yochepetsetsa, moti kuti mupeze 50 Ω mungafune koyilo yaing'ono kuposa waya mmodzi wa bond. Koyilo yotere simungailamulire. Taonjeza kapasita ya MIM pakati pa base ndi emitter kuti zonse zikwane 0.77 pF. Zikatero koyilo ya ku emitter imakhala 0.5 nH ndipo ya ku base 5 nH, kuti zigwirizane pa 2.44 GHz.

Pad ndi ma diode a ESD zikubweretsa pafupifupi 250 fF, waya wa bond wa 1 mm ukubweretsa pafupifupi 1 nH. Ziwirizi zikakhala pamodzi zikuchita ngati kachidutswa ka line ya 63 Ω, pafupi ndithu ndi 50 Ω, ndiye sizikuononga zambiri. Tazisiya choncho.

Ku emitter ndi komwe kunali nkhani. Ground ya LNA imatsikira ku chitsulo cha pansi pa QFN, phukusi la chip, kudzera m'mawaya anayi a bond, aliyense pafupifupi 0.6 nH. Kugawa ndi anayi kumapereka 0.15 nH, koma mawaya oyandikana amakokana ndi maginito, ndipo model ya phukusi ikupereka 0.25 nH. Iyi imaphatikizana ndi 0.5 nH ya pa chip kukhala 0.75 nH. Polowera panakwera kufika 75 Ω, S11, muyeso wa mphamvu yobwerera pa polowera, inafika pa −14 dB, gain inatsika ndi 1.9 dB. Koyilo ya pa chip yachepetsedwa kufika 0.25 nH kuti theka linalo lichokere ku mawayawo. Mawaya akasiyana ndi 20% popanga, polowera paziyenda pakati pa 45 ndi 55 Ω, zomwe nzololeka. Ground imeneyi ndi ya LNA yokha. Gawo lina lililonse likaigwiritsa ntchito, phokoso lake lilowa molunjika ku emitter.

Vuto lachiwiri linabisala kwambiri. Base ya transista ya pamwamba imayenera kuona ground kudzera mu kapasita. Pa layout yoyamba kapasitayo inali pa mtunda wa 60 µm, ndipo kawaya kameneko kanali ndi inductance ya pafupifupi 45 pH. Pa 2.4 GHz zimenezi si kanthu. Koma transista ya liwiro lotere ikaona inductance ku base, resistance yoonekera ku emitter kwake imakhala ya negative, ndipo LNA inayamba kudziimbira yokha pafupi ndi 60 GHz. K factor yoyezedwa pakati pa polowera ndi potulukira sinaonetse bwino, chifukwa makoyilo a mbali zonse ziwiri amatsekera 60 GHz mkati. Transient nayo inali chete pomwe step inali 10 ps, poti funde limodzi la 60 GHz limatenga 17 ps yokha, ndiponso njira ya gear imazimitsa kugwedezeka kotere. Zinaoneka step itatsitsidwa kufika 0.5 ps, njira itasinthidwa kukhala trap, ndi kukankha collector ya pansi ndi ka pulse ka 1 mV. Kapasita yasunthidwa kukhala pamphuno penipeni pa base, ndipo paikidwa rezista ya 15 Ω pakati. Pa 2.44 GHz noise figure sinasinthe moti nkuoneka. Kuyambira pano gawo lililonse lokhala ndi HBT likuyesedwa motere, pa fast corner (model ya matransista otuluka aliwiro kwambiri popanga) ndi pa −40 °C pomwe gm imakwera kwambiri.

Makoyilo ndi openEMS

Makoyilo onse ali pa TopMetal2, aluminiyamu wokhuthala 3 µm, ndipo polumpha mizere tikudzera pa TopMetal1 ya 2 µm. Pa 2.44 GHz magetsi amayenda m'khungu la chitsulo lokuya pafupifupi 1.7 µm, pa 4.88 GHz 1.2 µm. Mesh ikakhala ndi bokosi limodzi lokha m'kukhuthala kwa chitsulo, Q yotuluka, muyeso wa ubwino wa koyilo, imakhala yabodza. Tikuchepetsa mesh pang'onopang'ono mpaka inductance isiye kusintha kupitirira 1% ndipo Q 5%. Popeza openEMS imayenda ndi nthawi, kuidula msanga kumasokoneza ma frequency a pansi, choncho resistance ya DC tikuiwerengera padera kuchokera ku sheet resistance nkuifananiza. Ma S-parameter otulukawo tikuwasandutsa model ya pi ya ma R, L ndi C kuti ilowe mu transient popanda vuto.

Koyilo ya 5 nH ili ndi Q ya 12. Ndiye kuti ili ndi 6.4 Ω yobisika, yomwe yokha ikuonjeza 0.5 dB pa noise figure, kuposa phokoso la collector ya transista. Tizidutswa ta chitsulo todzaza malo, tomwe malamulo a density amafuna, titaloledwa kulowa pansi pa koyilo Q inatsika kufika 10. Malo a makoyilo onse tsopano ali ndi chizindikiro choletsa fill, koma zikatero chitsulo chozungulira chiyenera kuchuluka kuti density ya dera lonselo ikwane. Kuika koyilo imeneyi pa bolodi kukanapulumutsa 0.3 dB kapena kuposera, koma kukanafuna pin ina, ndipo bajeti ya phokoso ili ndi mpata. Yatsala pa chip.

Mixer ndi image

Wolandira ndi wa low-IF ya 2 MHz: mixer imatsitsa uthenga kufika pa 2 MHz, ndipo LO, funde loyendetsa mixer lochokera ku VCO, ili pansi pa tchanelo. Zero-IF tinaikana chifukwa GFSK ili ndi mphamvu yambiri pakati penipeni, pomwe DC offset ndi phokoso la 1/f zimakhala. Mtengo wa low-IF ndi image, frequency ina yomwe mixer imatsitsanso kufika pa 2 MHz, yomwe ili 4 MHz pansi pa tchanelo. Bluetooth imalola kuti pa image wosokoneza akhale 9 dB pamwamba pa uthenga wofunika, ndiye tikufuna kumukana ndi 30 dB kuti tisamadere nkhawa.

Mixer ndi ya ma switchi anayi a NMOS pa mbali iliyonse, osadya magetsi a DC, aliyense 20 Ω akatseguka, oyendetsedwa ndi LO ya 25%. Kukana image kumadalira kufanana kwa I ndi Q, njira ziwiri za uthenga zosiyana madigiri 90 (Q imeneyi si ya koyilo ija). Zikasiyana 0.3 dB ndi madigiri awiri mumapeza 32 dB, pa madigiri asanu mumatsala ndi 26.5 dB. Digiri imodzi pa 2.44 GHz ndi 1.14 ps basi. Layout yoyamba inapereka madigiri asanu. Gawo lina linachokera ku waya wa LO wa Q womwe unadutsa pansi pa waya wa magetsi pomwe wa I sunadutse, gawo lina ku VCO, chifukwa chogawa pawiri chimasandutsa kupendekeka kwa duty cycle ya 4.88 GHz kukhala kusiyana kwa phase. Mawaya anayi a LO tsopano ndi ofanana kutalika ndi zodutsana nazo, ngakhale pena pachita kuikidwa chodutsa chongonamizira kuti afanane. Tili pa madigiri awiri. Ma pulse a LO asagundane: awiri akatseguka nthawi imodzi I ndi Q zimalumikizana ndipo phokoso la TIA, chokuza chotsatira mixer, limakwera, ndiye pakati pawo tasiya kampata ka 8 ps.

Fyuluta ya complex yotsatira ili pa 2 MHz, yotambalala 1.3 MHz. R ndi C zimasiyana kwambiri pa chip ndi chip, choncho ili ndi ma bit asanu oikonzera poyatsa.

VCO

VCO ikuyenda pawiri pa frequency ya wailesi, kuti chogawa pawiri chipereke I ndi Q. Iyenera kufika 4800 mpaka 4960 MHz. Capacitance ikasiyana 10% popanga, frequency imasuntha 5%, ndiye tikufuna 4560 mpaka 5210 MHz. Ndi koyilo ya 1 nH, pakati pamafunika 1.064 pF, pamwamba 0.933 pF, pansi 1.218 pF. Kusiyana kwa 285 fF kunagawidwa m'ma bit asanu ndi limodzi, masitepe 63 a 4.5 fF, lililonse pafupifupi 10 MHz. Varactor, kapasita yosintha ndi voteji, ili ndi 40 MHz pa voti, pakati pa 0.3 ndi 0.9 V ikuphimba 24 MHz, masitepe awiri ndi kachidutswa.

Pa tank yotere, koyilo ndi makapasita ake pamodzi, 1 fF iliyonse imasuntha frequency ndi 2.3 MHz. Extraction inapeza 90 fF yomwe sinali pa schematic: mawaya awiri aatali omwe makapasita akoloweka, ma via, ndi waya wopita ku buffer. Pakati panagwa kuchoka pa 4.88 kufika 4.69 GHz. Pamwamba panatsala 4976 MHz, 16 MHz yokha kupitirira pomwe tikufuna, ndipo pa slow corner matchanelo a pamwamba sankafikika nkomwe. Kuchotsa makapasita sikukanathandiza poti pamwamba onse amakhala atazimitsidwa kale. Koyilo yachepetsedwa kufika 0.91 nH, zomwe zabweza pamwamba pa 5216 MHz, ndipo sitepe yakulitsidwa kufika 5 fF kuti pansi pafikenso 4560 MHz. Ma switchi a makapasita ali pakati pa mbali ziwiri za tank, ndipo akazima drain ndi source zawo zikukokedwera m'mwamba ndi marezista a 20 kΩ kuti ma junction asatseguke funde likatsika.

Phase noise yofunika tinaiwerengera kuchokera kwa wosokoneza wa pa 3 MHz, yemwe amaloledwa kukhala 27 dB pamwamba. Kuchotsa 27, kuchotsa 21 ya co-channel, kuchotsa 60 ya 1 MHz, LO iyenera kukhala pansi pa −108 dBc/Hz pa 3 MHz. Pa VCO penipeni ndi −102, popeza kugawa pawiri kumatsitsa ndi 6 dB. ngspice ilibe njira yoyezera phase noise ya oscillator mwachindunji, choncho tagwiritsa ntchito njira ziwiri: lamulo la Leeson, ndi njira ya Hajimiri ndi Lee ya 1998 yobaya timapulse pa nthawi zosiyanasiyana za funde nkuona mmene phase yasunthira. Ndi Q ya 12, funde la 0.8 V ndi 2 mA, Leeson akupereka pafupifupi −129 dBc/Hz. Mpata ndi waukulu zedi. Magetsi sitiwachepetsa komabe, chifukwa malire enieni ndi kudzuka kwa oscillator pa slow corner ndi 85 °C, pomwe gm kuchulukitsa ndi resistance ya tank isatsike pansi pa 2.5. Mpata wa phokosowo taugulitsa kwina, monga zili m'munsimu.

PA ndi kukokana kwake ndi VCO

GFSK siisintha kukula kwa funde, ndiye PA siyenera kukhala linear. Ndi ma inverter a CMOS pa 1.2 V, ogawidwa m'magulu kuti mphamvu izisankhidwa. Pa pepala funde la makona la 1.2 V lingapereke 7.7 dBm mu 50 Ω. Ife tikufuna 0 dBm masiku onse, ndi 4 dBm pamwamba.

Funde la makona limabwera ndi ma harmonic. Yachitatu ili 9.5 dB yokha pansi, ndipo matchanelo ambiri imagwera mu 7.25 mpaka 7.75 GHz, dera lomwe FCC ya ku America imaika malire ofanana ndi −41.2 dBm. Yachiwiri imagwera mu 4.5 mpaka 5.15 GHz, dera lina lotero. Malamulo a ku Ulaya a EN 300 328 amalola −30 dBm pamwamba pa 1 GHz, koma tikulondola okhwimawo. Duty cycle ikakhala 50% ndendende yachiwiri kulibe. Pa 49% ili −30 dBc, pa 48% ili −24 dBc, ndipo layout yoyamba inali pa 48% chifukwa PMOS ndi NMOS za m'ma buffer sizinkakoka mofanana. Fyuluta ya pi ya pa bolodi, 1.3 pF, 3.3 nH ndi 1.3 pF, imadula yachitatu ndi 21 dB, yachiwiri ndi 10 dB yokha. Sizikukwana mbali zonse. Bolodi ikhala ndi magawo awiri a pi, ndipo pa chip paikidwa loop yoyeza avereji ya funde ndi RC nkukonza bias ya buffer yoyamba mpaka avereji ifike theka la 1.2 V.

Koma za malamulozo nzopepukirapo. Harmonic yachiwiri ya PA ili pa frequency ya VCO yeniyeniyo, pa tchanelo chilichonse. Ikalowa mu tank imakoka VCO. Lamulo la Adler limati kukokako kungafike frequency kugawa ndi 2Q, kuchulukitsa ndi kukula kwa cholowacho poyerekeza ndi funde la tank. Pa 4.88 GHz ndi Q ya 12 nambala yoyambayo ndi 203 MHz. Cholowa cha −60 dB chingasunthe VCO ndi 203 kHz, ku eriyo 100 kHz. Uthenga wonse umanyamulidwa ndi deviation ya 250 kHz, ndipo Bluetooth imalola frequency kutsetsereka 50 kHz yokha mkati mwa paketi. Popeza PA ndi VCO zimachokera ku gwero limodzi, pa spectrum simuona mzere wachilendo woti muuloze. Mumangoona deviation itapindika, ndi frequency ikudumpha PA ikamayaka. PLL imakonza zoyenda pang'onopang'ono zokha.

Njira zolowera ndi zitatu: maginito kuchoka ku mawaya a bond ndi a magetsi a PA, ground yogawana, ndi substrate. Kuyesa mbali yonseyo ya chip pa openEMS kunaonetsa kuti ya maginito ndiyo yaikulu, −58 dB. Zasinthidwa izi. VCO ndi PA zapita m'makona oyang'anana, mtunda wochuluka momwe chip ingalolere. Koyilo ya VCO yajambulidwanso ngati nambala 8, kuti maginito ochokera kutali alowe m'mphete ziwirizo mosemphana nkuthetsana. Q yatsika kuchoka pa 12 kufika 10, phase noise yaipa ndi ma dB ochepa omwe tinali nawo kale osungira, koma cholowa chatsika kufika −79 dB, kutanthauza pafupifupi 14 kHz ku eriyo. Koyilo ya 8 imagwira bwino pokhapokha gwero la maginito litatalikira mofanana ku mphete zonse ziwiri, ndiye yatembenuzidwa kuti mzere wogawa mphetezo uloze ku ma pad a PA. PA ili ndi ma pad akeake a magetsi ndi ground, kapasita ya 30 pF ili pomwepo kuti current ya harmonic izungulire pafupi, ndipo magulu ake akuyatsidwa limodzilimodzi kwa 2 µs. VCO ili ndi LDO, chokhazikitsa voteji, yakeyake.

PLL ndi crystal

Crystal ndi ya 32 MHz. Iyenera kukhala mkati mwa 50 ppm, zomwe pa 2480 MHz ndi 124 kHz, pansi pa malire a 150 kHz. PLL ndi ya fractional-N ya MASH 1-1-1, loop yake 150 kHz. Popeza uthenga wa 1 Mbps sungadutse loop yopapatiza chonchi, ukulowa malo awiri, ku divider ndi ku varactor yachiwiri yaing'ono. Gain ya njira ziwirizi ikasiyana kupitirira 5% diso la uthenga limayamba kutsekeka, ndiye pakufunika kuyeza gain ya varactor poyatsa. Gawo limeneli silinalembedwe.

Pakati pa paketi ndi yankho lake pali 150 µs. Kusaka sitepe ya makapasita, ma bit asanu ndi limodzi pa 2 µs iliyonse, kukutenga 12 µs, ndipo loop ikukhazikika pasanathe 40 µs. Nthawi ilipo.

32 kuchulukitsa ndi 76 ndi 2432, ndi 77 ndi 2464. Onsewa ndi matchanelo a Bluetooth, ndipo harmonic ya clock ikafika ku LNA ngakhale pa −100 dBm imagonthetsa wolandira pa matchanelo awiriwo. Ya 75, pa 2400 MHz, imagwera pa image ya tchanelo cha 2404. Buffer ya crystal yofewetsedwa m'mbali ingachepetse ma harmonic koma imaonjeza jitter ku PLL, choncho taigawa pawiri: yakuthwa, yaifupi, yopita ku phase detector yokha, ndi yofewa yopita ku digital. Waya wa clock sukudutsa mbali ya LNA, ndipo wakutidwa ndi ground pansi ndi m'mbali.

Zotsala tisanatumize

Layout ya PLL, kupatula charge pump, ndi ya switchi ya TX ndi RX (yosinthira pakati pa kutumiza ndi kulandira) sizinayambe. Switchiyo ili ndi funso lomwe silinayankhidwe: PA ikazima ma inverter ake akusiya pafupifupi 300 fF pa pin ya eriyo, pamwamba pa 250 fF ija, ndipo kufanana ndi 63 Ω komwe tinadalira ku LNA kukusokonekera. Njira imodzi ndi kupereka ma pin awiri nkuphatikiza pa bolodi, ina ndi kumeza capacitance imeneyo mu kapasita yoyamba ya fyuluta ya pi, kuitsitsa kuchoka pa 1.3 kufika 1.0 pF. Yachiwiriyi ikuyesedwa tsopano pamodzi ndi model ya QFN. Pambuyo pake pabwera DRC ndi LVS ya chip yonse (kuona ngati layout ikutsata malamulo opangira ndiponso ngati ikufanana ndi schematic), malamulo a antenna pa ma gate a mixer, fill, seal ring, ndi kubwereza kuyesa kwa VCO fill italowa. Pa register ya SPI pawonjezedwa ma bit otulutsa LO yogawidwa kasanu ndi katatu pa pin yoyesera, ndi ena ozimitsa gawo lililonse palokha, kuti kukokana kwa PA ndi VCO kudzayezedwe pa silicon PLL ili yotsegula.